Mabulubeli a ku Dimba la Ababa

Worcester, ku Kapa
11 Sepitembala 2022

Okondedwa Ababa,

Kodi anayambitsa ndani zoti munthu wamkulu sadya zipatso? Ndafunsa ndisanapereke ndi moni womwe chifukwa funsoli landisowetsa mtendere sabata yonse. Mango akapsa akuti ndi a ana. Magwafa ndi a ana. Mabulosi a kuseri kwa khola aja amathera mbalame inu mukuona, ndipo wina akakupatsani mumati, "Ine ndakula, apatseni adzukulu." Aliyense kwathu ku Nsaru amavomereza zimenezi ngati zinalembedwa m'Katekisima. Ine ndakana.

Tsopano moni. Muli bwanji inu ndi Amayi? Nanga achimwene a Mateyu, alamu a Violet ndi ana? Ine kuno ndili bwino, kungoti mphepo yake imalowa mpaka m'mafupa ngakhale eni dziko akuti nyengo yozizira yatha.

A Mateyu anandiuza pa foni zimene zinachitika kutchalitchi. Akuti munaima kutsogolo kuti mutsogolere Chikhulupiriro cha Atumwi, mawu amene munayamba kuwanena ine ndisanabadwe, ndipo mutafika pa Pontiyo Pilato munangoti zii, mpaka mkulu wa mpingo mnzanu anapitiriza m'malo mwanu. Musawakalipire pondiuza. Chimene chandipweteka ndi yankho la anthu: "Ndi ukalamba." A Mateyu nawonso akuti ndi ukalamba. Ababa, zaka 71! Munthu amene anaphunzitsa zaulimi ku pulayimale zaka makumi atatu, amene amadziwa dzina la udzu uliwonse wa m'dambo, tingomusiya choncho chifukwa choti tsitsi layera? Digiri yanga ya zakudya ndi thanzi ija yalephera kundipezera ntchito ku Lilongwe, koma isalepherenso kuthandiza bambo anga.

Mverani tsono. Pa famu imene ndikugwira ntchito timalima tizipatso totchedwa mabulubeli. Ndi tating'ono kuposa nthudza, takuda mobiriwira, tokhala ndi kaufa koyera pakhungu. Timakwera ndege kupita ku Ulaya, pamene ine mwini digiri ndege sindinaikwerepo. Kumeneko okalamba amatilimbirana. Kuda kwake si kukongola chabe: muli zinthu zimene zimathandiza kuti mitsempha ya magazi ikhale yofewa, magazi aziyenda bwino mpaka ku ubongo. Ofufuza ena anapeza kuti anthu achikulire amene amadya zipatso zotere kawirikawiri, kuthamanga kwa magazi kumatsikako ndipo mutu umachedwa kufooka. Zimenezi tinazikhudzako ku koleji, koma ndinali ndisanazigwire ndi manja.

Zipatso zophwanyika ndi zochepa msinkhu, zimene sizikwera ndege, amatilola kutenga. Ndakhala ndikuyanika pa lata ngati mfutso mpaka ndadzaza botolo la kofi. Ndapatsira a Jailosi, a galimoto yonyamula katundu wa Amalawi aja, ndipo akafika ku Lilongwe adzaimbira a Mateyu. Muli ndi juzi yanu ndi nsalu ya Amayi.

Muzithira masupuni awiri m'phala m'mawa uliwonse. Si za alendo. Si za abusa akabwera kudzacheza. Si za adzukulu, ngakhale alire chotani. Amayi, ndikudziwa kuti mukuwerenga nawo, botolo limeneli lisakalowe m'kabati ya mbale za Khrisimasi.

Ndalemba kalata chifukwa mumanena kuti mawu a pa foni ndi mphepo. Inunso mundiyankhe ndi dzanja lanu.

Ndine mwana wanu,
Triza


Worcester
16 Okotobala 2022

Okondedwa Ababa,

Ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino ndiponso kuti juzi yakukwanani. Ine ndilipo, zala zokha ndizo zikumalimba m'mawa.

Kalata yanu a Jailosi andipatsa dzulo. Ndaiwerenga katatu. Koyamba ndinakwiya, kachiwiri ndinaseka, kachitatu sindikuuzani.

Mwafesa! Botolo lonse! Ine kuyanika masabata atatu, kuthamangitsa mbalame, kubisira anzanga, inu n'kukakonza bedi pafupi ndi nazale ya fodya ya a Mateyu, kutenthapo mapesi, kuthira manyowa a m'khola, kufesa, n'kuphimba ndi udzu. Ndiye mwalemba kuti, "Mlimi sadya mbewu. Chinthu chochokera kutali chotere tikadya chitha, koma tikabzala chidzadyetsa mudzi." Ababa, mawu ake ndi okoma, koma sizingamere. Kuno sabzala njere. Amadula timitengo n'kutimeretsa mizu m'nyumba yapadera, kenako amabzala m'matumba akuda odzaza makungwa a paini, pansi pa maneti, madzi ake obwera m'timapaipi moyeza. Chomerachi chimafuna nthaka yowawasa, ndipo phulusa la mapesi lanulo ndiye mdani wake weniweni.

Ndinawawerengera a Lucia, mayi a ku Namitete amene ndimakhala nawo chipinda chimodzi. Anaseka mpaka kugwira khoma. Akuti, "Iwe wa digiri, aphunzitsiwo akuposa. Iwe ukuganiza za phala la mawa, iwo akuganiza za chaka chamawa." Ndinati, "Amayi inu, nkhani ndi mutu wa bambo anga." Iwo akuti, "Mutu umene waganiza zimenezo ukudwala pati?" Kunena zoona mtima unakhalako pansi.

Komabe ndatumizanso botolo lina, ndipo ili ndi la pakamwa. Podikira kuti lifike, mabulosi a kuseri kwa khola apsa tsopano. Kuda kwawo ndi kwa mtundu womwewo. Amayi azikuthyolerani kambale tsiku lililonse, ndipo mukachita manyazi muzidyera m'nyumba.

Za kudyetsa mudzizo, musaganize kuti ine sindiganizako. Ndili ndi kope limene ndikulembamo chilichonse: madzi, feteleza, matenda, kadulidwe. Zaka zitatu ndinayenda ndi envulopu ya khaki m'maofesi a ku Lilongwe, kuuzidwa kuti "tidzakuimbirani" ndi anthu amene sanalembe n'komwe nambala yanga. Sindidzapemphanso ntchito kwa munthu. Chimene chatsala ndi kulowa m'nyumba yomeretsera mizu ija, chifukwa chinsinsi chonse chili m'menemo, koma salowetsamo munthu wamba. Mundipatse zaka ziwiri. Ndikadzabwera tidzabzala zenizeni, ndipo a Mateyu adzasiya kulira ndi mitengo ya fodya chaka ndi chaka.

Mwafunsa za ofesi yanga. Ndi yaikulu ndithu, mphepo imapita bwino. Koma chonde musamauze anthu kutchalitchi kuti ndine mkulu woyeza zipatso. Zina ndidzakufotokozerani pamaso.

Mwana wanu,
Triza


Worcester
20 Novembala 2022

Okondedwa Ababa ndi Amayi,

Moni nonse. Ndikhulupirira mvula yayamba ndipo mwabzala. Ine ndili bwino, chifuwa chinandigwira pang'ono koma chapita.

Zikomo chifukwa cha mtedza. A Lucia akuthokoza, akuti wa ku Nsaru ndi wonona kuposa wa kwawo, koma musakawauze a ku Namitete. Ndinakutumula thumba lonse kufunafuna kalata ya Ababa, ndinangopeza kapepala ka Amayi. Ababa, cholembera chatha?

Amayi, mwati phala la mabulubeli akudya, ngakhale amayamba atola n'kuika pambali ngati miyala ya mu mpunga. Muzisakaniza ndi nsinjiro asaone. Mwatinso pa bedi paja pamera zinthu, ndipo Ababa akumapitako ndi khasu ndi keni kasanu pa tsiku, akathirira n'kubwerera kunyumba amadzukanso kuti sanathirire. Zomerazo zandidabwitsa. Mwina ndine ndinalakwa, njere zili ndi nzeru zake. Ndawapempha a Mateyu katatu kuti ajambule anditumizire, akungoti kamera ya foni yawo yachita chifunga. Kamera yomweyo inajambula bwinobwino mbuzi imene akufuna kugulitsa.

Koma kuthirira kasanuko sikunandisangalatse. Chonde, sabata ino ndithu, pitani nawo ku chipatala cha Kabudula akawayeze kuthamanga kwa magazi ndi shuga, ndipo mukafotokoze zonse, za kutchalitchi zija ndi za keni zomwe. Musakangoti "akumva mutu." A Mateyu awatenge pa njinga yamoto, ya mafuta ndatumiza pa foni yawo. Akanena kuti ali otanganidwa ndi kuwokera fodya, muwafunse ngati fodya anawabereka.

Pa Khrisimasi sindibwera. Ino ndiyo nyengo yothyola, timalowa m'munda dzuwa lisanatenthe chifukwa chipatso chikafunda chimafewa. Kuthyola kwake n'kosamala: sukoka, umachigubuduza ndi chala chachikulu kuti chigwere m'dzanja, ndipo ukapukuta kaufa koyera kaja kapitawo amabweza ndowa yonse. Palinso chifukwa china chokhudza ulendo, koma si cha m'kalata.

Sabata yatha kunabwera galimoto ziwiri za apolisi pa geti. Anzathu asanu ndi mmodzi, anayi a ku Zimbabwe ndi awiri a kwathu, sitinawaonenso. Ine ndinali pakati pa mizere, ndinangokhala pansi mpaka fumbi litatha. Musade nkhawa, mizere yake ndi yaitali.

Ababa, ngakhale mizere iwiri yokha, ndilembereni.

Triza


Worcester
18 Disembala 2022

Amayi,

Kalata ino ndi yanu. Ababa muwawerengere moni yekha, muwauze kuti ndili bwino ndipo ndikuwafunira Khrisimasi yabwino. Inuyo muli bwanji? Miyendo ija ikutani? M'makalata onsewa sindinakufunseni, mundikhululukire.

Ndamva zimene ananena a dokotala. Mapiritsi a kuthamanga kwa magazi azimwa osadumphitsa, ndipo muzisunga inu, asamadzitengere okha. Mchere muchepetse. Koma zoti kuiwalaku ndi matenda amene alibe mankhwala, ndipo kuzingopitirira, ine sindinavomereze. Anawaona mphindi zingati? Botolo lachiwirili angodya mwezi umodzi ndi theka. Chinthu chimafuna nthawi. Ndatumiza lachitatu, muonjezere supuni imodzi.

Nkhani ya kusukulu ija a Violet anandiuza mosekaseka, koma ine sindinaseke. Akuti Ababa anavala tayi m'mamawa, kunyamula choko chakale cha m'chitini, kuyenda mpaka kusukulu kumene anapuma ntchito zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, n'kulowa mu Sitandade 6 kuyamba kuphunzitsa kasinthasintha wa mbewu. Ndithokozereni a hedi, poti akuti anauza mphunzitsi wa kalasilo kuti akhale kumbuyo mpaka phunziro lithe, kenako anawaperekeza okha kunyumba. Ana amene Ababa anawaphunzitsa si onse anaiwala.

Zinazo ndamvanso. Zoti mwana wamkazi wapita ku Joni, watumiza tinthu takuda m'botolo, bambo ake mutu wabalalika, ndiye kuti akufuna kulemera. Amene akunenawo ndikuwadziwa, ena mumakhala nawo benchi imodzi ku Chigwirizano. Musalimbane nawo. Koma kuti inu mukhale ndi choona mumtima, ndikuuzani chuma chimene ndakhwimiracho.

Amayi, ine ofesi ndilibe. Ndimathyola zipatso ndi ndowa ziwiri zomangirira m'chiuno, limodzi ndi a Lucia amene analekeza Sitandade 4, ndipo iwo amandiposa ndowa zisanu tsiku lililonse. Ndinanama chifukwa tsiku limene ndinavala gauni Ababa anaimirira pakati pa anthu n'kukweza chipewa. Sindinafune kuti achitsitse. Masiku amene anandidindira m'pasipoti anatha chaka chatha. Ndikangotulukira pa chipata cha dziko lino adzandidinda chidindo choletsa kubwerera, mwina mpaka zaka zisanu. Ndicho chifukwa cha Khrisimasi chija. Ndikatuluka, ndatuluka.

Musawauze Ababa. Kapena muwauze, kaya. Sindikudziwanso chimene chimakhala m'mutu mwawo ndi chimene chimadutsa.

Tsiku la Khrisimasi mukaweruka kutchalitchi, a Mateyu abwere ndi foni kunyumba. Ndidzaimba 2 koloko masana. Ndikufuna kumva mawu awo, ngakhale akhale mphepo.

Mwana wanu,
Triza


Worcester
8 Januwale 2023

Amayi,

Moni wa chaka chatsopano. Ndili moyo.

Munali pomwepo koma munangomva mbali imodzi, ndiye ndikulemberani zonse.

Ndinati, "Ababa, Khrisimasi yabwino."
Anati, "Zikomo mayi, nanunso. Kodi ndikulankhula ndi ayani?"
"Ndine Triza."
"Oo, mukufuna Triza? Pepani, sali pano. Ali kusukulu ku Lilongwe, amabwera akatsekera. Ndi mwana wanzeru kwambiri ameneyo, kungoti ndi wopupuluma. Mukamuona mumuuze kuti mbewu zake zachita maluwa."
Ndinati, "Ndikamuuza, aphunzitsi."
Anati, "Mwachita bwino. Mupereke moni kunyumba."

Ulemu wonse uja, Amayi, wopatsa mlendo.

Ndinakhala pa njerwa kuseri kwa chipinda mpaka a Lucia anabwera ndi tiyi. Anangoti, "Imwa, wathira kale mchere ndi misoziyo."

Masiku ano ndakhala ndikuwerenganso za mabulubeli pa foni, koma tsopano mpaka kumapeto, osati polekeza pamene pandikomera. Zimene ndinakuuzani si zabodza. Zipatso zakuda zimathandizadi mitsempha ndi mtima, ndipo munthu amene wazidya zaka zambiri, akuyenda, akugona bwino, magazi ake akuyezedwa, amakhala ndi mwayi woti mutu wake uchedwe kutopa. Koma palibe pamene analemba kuti zimabweza zimene zapita. Ndi mpanda womanga mbuzi zisanalowe m'munda. A dokotala aja ananena zoona, ndipo ine ndinawanyoza chifukwa zoonazo sindinazifune.

Botolo likatha sinditumizanso lina msanga, nyengo yothyola ikutha. Azidya zimene zilipo: masuku, mango, jambula, masamba, nsinjiro. Inunso muzidya, Amayi, inu ndiye mpanda ukadali ndi ntchito. A Mateyu ali ndi zaka 40, nawonso ayambe, asadikire tsitsi.

Kapitawo wanena kuti ntchito yothyola ikatha asankha anthu anayi okagwira m'nyumba yomeretsera mizu ija. Waona kope langa. Sananene zambiri, koma anandifunsa dzina kawiri.

Maluwa akunenawo ndi otani? A Mateyu sakuyankhabe za chithunzi.

Triza


Worcester
29 Januwale 2023

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine thupi lili bwino.

A Jailosi afika Lachisanu. Atandipatsa ufa ndi usipa anatulutsa kabokosi ka machesi m'thumba la malaya, akuti, "Aka ndauzidwa kuti ndisaike kumbuyo ndi katundu. Madala anabwera okha pa Nsaru ndi amayi anu, anandigwira dzanja, akuti kapite kwa mwana wawo wa kusukulu. Ndayenda nako pamtima maiko atatu, ndiye musandifunse kuti muli chiyani."

Pamwamba pake panali dzanja la Ababa, zilembo zopendama koma zawo ndithu: TRIZA. ZOYAMBA KUCHA.

Ndinatsegulira m'chipinda. Munali tizipatso takuda, tina tofota, tina tophwanyika, tokulungidwa m'pepala la m'kope. Ndinaganiza kuti mwina nkhalamba yachita zimene azungu a kuno amalephera popanda maneti ndi mapaipi. Ndinaitana a Lucia, ndinati, "Bwerani muone mabulubeli a ku Nsaru!"

Anatenga kamodzi, kukayang'ana, kukafinya pa chala. Timbewu tambirimbiri toyera tinatuluka. Anandiyang'ana.

"Triza, iwe unakulira kumudzi kapena m'kalasi?"
"Bwanji?"
"Uwu ndi mnadzi, mwanawe. Ndiwo. Umamera wokha paliponse pamene pathiridwa manyowa a m'khola."

Ndinadziwa asanamalize. Ndinkadya timeneti ndili mwana, milomo kuda bii, Ababa n'kumandiuza kuti ndisamathyole tobiriwira chifukwa timapweteka m'mimba. Iwowo ndi amene anandiphunzitsa dzina lake. Munthu amene ankatenga kalasi lonse kupita nalo kudambo, kuzula udzu uliwonse n'kufunsa kuti "Ichi n'chiyani?", wakhala miyezi itatu akuthirira mnadzi, kuupalira, kuuikira timitengo, osauzindikira.

Ndiye nonse mumadziwa. Inu, a Mateyu ndi kamera yawo ya chifunga, a Violet, ngakhale ana. Lachisanu ndinakwiya nanu kwambiri, ndinalemba kalata ina imene ndaing'amba. Ndinkati mwawasandutsa choseketsa. A Lucia ndi amene anandibweza. Akuti, "Ukanakhala iwe ukanatani? Ukanazula n'kuwaphunzitsa za nthaka yowawasa, eti? Amayi ako awasiyira chinthu chimodzi chimene chimawadzutsa m'mawa. Amapita kudimbako chifukwa cha ndani? Pa bokosipo alembapo dzina la mnadzi?"

Sanalembe la mnadzi, Amayi. Mawu anga sakuwadziwanso, koma dzina langa dzanja lawo likulidziwabe. Sindikudziwa kuti likhala nalo mpaka liti. Mu Okotobala analemba masamba awiri, lero mawu atatu.

Ndinadya tonse timene tinali takupsa. Ndi tozuna pang'ono, monga kale.

Muziyang'anira kuti asadye tobiriwira. Ndipo wina asazule, ngakhale a Mateyu akufuna malowo.

Mawa kapitawo atchula anthu anayi aja.

Triza


Worcester
5 Febuluwale 2023

Amayi, tsamba loyambali ndi la Ababa. A Jailosi anyamuka mawa, ndiye lifika masiku angapo ine ndisanafike. Muziwawerengera m'mawa uliwonse akamamwa phala, tsiku lililonse ngati latsopano, kuti ndikamadzalowa pakhomo dzinali likhale lili pafupi.

Okondedwa Ababa, aphunzitsi Amosi,

Muli bwanji? Ine ndili bwino.

Ndine Triza, mwana wanu wamkazi, mlongo wake wa Mateyu. Ndine uja munkamunyamula pa handulo ya njinga popita kusukulu, uja mumati ndi wopupuluma.

Zipatso zoyamba kucha zija ndalandira. Zafika bwino. Ndadya, ndipo ndi zokoma. Mwasamala bwino munda wathu, zikomo.

Sukulu tatsekera. Ndikubwera kunyumba. Ndidzafika masana, nditavala juzi yofiira, nditanyamula chikwama chimodzi. Ndanenepako pang'ono ndipo tsitsi ndinameta, koma ndine ndemwe. Mukadzaona mayi wa juzi yofiira akulowa pa mpanda, ameneyo ndi Triza. Mukapanda kundizindikira palibe mlandu, ndidzakuuzani, ndipo mawa lake ndidzakuuzaninso.

Keni yothirira ija ndi yolemera. Muzindidikira, tizikanyamula awiri.

Mwana wanu,
Triza

Amayi, izi ndi zanu.

Musakonze chilichonse, musaphe nkhuku. Ndikubwera ndi kope ndi zovala basi, ndipo amene ankati ndakhwima adzaone okha chumacho. Mundikonzere pogona m'chipinda choyandikana ndi chanu, kuti Ababa akamatuluka ndizimva chitseko, inu muzipumako. Ndikafika tidzapitanso ku Kabudula, ndili ndi mafunso amene ndinayenera kufunsa kale m'malo mokangana ndi dokotala ndili kuno.

Za chidindo cha pa chipata ndikudziwa. A Lucia andiwerengera zaka zisanuzo pa zala, kenako anati, "Famu idzakhalapo. Pita." Andipatsa mpango woti ndikupatseni.

Lolemba kapitawo anatchula maina anayi, langa linali lachiwiri. Nyumba imene ndaisuzumira pa galasi chaka chonse, anati ndiyambe pa 13. Ndinapempha kuti ndilowemo kamodzi. Muli fungo la nthaka yonyowa, timitengo masauzande tili ndi timasamba tiwiritiwiri, nkhungu ikutsika yokha kuchokera kudenga. Ndinayenda mpaka kumapeto n'kubwerera. Anandifunsa kuti, "Nanga bwanji?" Ndinati bambo anga akudwala. Anati nditumize ndalama, ndi mmene amachitira aliyense. Ndinati chimene akusowa sichikwera galimoto ya a Jailosi. Anagwedeza mutu, akuti malowo sasungira munthu.

Ndinamasula ndowa m'chiuno n'kumupatsa, pamodzi ndi chipewa cha kampani. Kenako ndinakwera takisi kupita m'tauni, ndipo ndagula tikiti ya basi ya Lachinayi.

Triza